Bambo Atasiya Kulankhula

Ana anga, Tamanda, Yohane ndi Mphatso, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinapuma pantchito ndili mphunzitsi wamba, pamene anzanga amene tinatuluka nawo ku koleji ena anafika mpaka m'maofesi akuluakulu. Nthawi zonse ndinkangoseka n'kusintha nkhani. Tsopano poti choko ndinachitula ndipo maso ayamba kuchita chidima, ndati ndilembe ndisanayambe kusokoneza zinthu. Nkhani ya ntchito yanga singalongosoleke popanda agogo anu aamuna, bambo anga, amene anali mbusa kwa moyo wawo wonse. Inu Yohane ndi Mphatso munawadziwa ali chikhalire pampando. Ndikufuna muwadziwenso akuyenda.

Chaka choyamba, kufupi ndi Ntaja

Kalata yonditumiza kusukulu yanga yoyamba inandipeza kwathu ku Phalula mvula itangoyamba. Mayi atamva kuti ndi dera la Ntaja anagwira pakamwa. "Mwana wa abusa, yekhayekha, pakati pa mizikiti? Chiyaonso sachidziwa n'komwe." Bambo anangoti, "Kumeneko kulinso anthu, ndipo ana awo akufuna kudziwa kuwerenga. Aphunzitsi, longedzani." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa analisiya. Ankanditchula kuti aphunzitsi, ngakhale pondidzudzula.

Anandiperekeza okha. Njinga yawo inakwera pamwamba pa basi mpaka ku Liwonde, kenako tinapeza lole yopita ku Ntaja, ndipo mtunda wotsalawo tinauyenda pansi, sutikesi yanga ili pakaliyala, iwo akukankha. Linali Lachisanu. Ahedi a pasukulupo, a Twaibu, tinawapeza akuchokera ku mzikiti atavala mkanjo woyera. Bambo anali atavala kolala yawo yaubusa. Anthu awiriwo anayang'anana pang'ono, kenako anagwirana chanza ndi manja awiri. Nyumba imene anandipatsa inali ya chipinda chimodzi ndipo inalibe chitseko. Pakhomo panali chisaka chokha. A Twaibu anachita manyazi, nati chitseko chinadyedwa ndi chiswe ndipo komiti ikuganizirabe. Bambo sanadandaule. Asanaphunzire zaubusa anali atagwirako ntchito yaukalipentala, choncho anabwereka sowo ndi hamala m'mudzimo, nagula matabwa atatu. Anakhala masiku atatu akugona kwa a Twaibu mpaka chitseko chinaima, chokhala ndi mpiringidzo mkati. Potsanzika anati, "Ahedi, ndasiya mwana." A Twaibu anayankha kuti, "Abusa, pitani mtima uli m'malo. Akadwala ndi wanga, akalakwa ndi wanganso."

Ndipo anasunga mawu awo. A Twaibu ndiwo anandiphunzitsa uphunzitsi weniweni, osati wa m'mabuku a ku koleji. Ankati, "Mwana akamasinza m'kalasi, musanakweze mawu yambani mwafunsa ngati wadya." Choko chikatha, ndipo chinkatha kawirikawiri, anandionetsa kulemba pabolodi ndi makaka, chinangwa chouma chija. Bolodi likayera tinkalidetsa ndi makala osinja osakaniza ndi masamba a mbatata. Buku lowerenga linali limodzi pa benchi yonse, ndipo mabenchiwo anali a ana akuluakulu okha. Koma chimene chinandivuta kwambiri sichinali kusowa kwa zipangizo. Ana a Sitandade 2 ankandiyankha m'Chiyao, ine osamva kanthu, iwo n'kumaseka. Lamlungu linkafika popanda belu. Teremu yoyamba isanathe ndinalembera bambo kalata yoti ntchitoyi yandikanika, adzanditenge.

Sanayankhe kalatayo. Patatha sabata ziwiri ndili m'kalasi ndinangoona munthu akutsamiritsa njinga pamtengo wa mango, thalauzi ili matope mpaka m'maondo. Analowa mwakachetechete, nakhala pansi kumbuyo pamodzi ndi ana, nandikodola kuti ndipitirize. Anakhala pamenepo mpaka kuweruka. Madzulo ake tikudya anati, "Aphunzitsi, ndabwera ndi njinga kuti ngati n'koyenera ndikutengeni. Ndikanakupezani mukunamiza ana a eni ake, bwenzi tikulongedza. Koma ntchitoyi mukuitha. Chimene chikukuvutani ndi kusungulumwa basi." Ndinalira, ndikuti ndasowa kwathu. Iwo anati, "Inenso nditatumizidwa ku mpingo wanga woyamba ndinkalira m'chimanga kuti akhristu asandione. Mawa mupite kwa akazi a ahedi mukawapemphe akuphunzitseni kupereka moni m'chinenero chawo. Munthu ukamulonjera m'chinenero cha mayi ake, sakuonanso ngati mlendo." Mmawa mwake ndinaphunzira kunena kuti "Ajimwiche uli?" ndipo amayi a pachitsime anaomba m'manja. Pasukulu imeneyo ndinakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi.

Zaka za kwa Nsamala

Nditakwatiwa ndi bambo wanu, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Balaka, ndinapempha kuti andisamutsire pafupi. Ananditumiza kusukulu ina ya kwa Nsamala. Ahedi a kumeneko sinditchula dzina lawo, poti ana awo alipo ndipo ena ndimapemphera nawo. Anali munthu wa wotchi ndi cholembera chofiira. Ukachedwa pang'ono chifukwa mwana wadwala, sankakufunsa kanthu, ankangoyang'ana padzanja. Ndinapirira nawo zaka zingapo. Kenako chinafika chaka chija chimene ana anayamba kuphunzira ulere. Ana anatuluka m'midzi ngati inswa mvula yoyamba itagwa. Ena anali ndi ndevu kale, ena anabwera atabereka azing'ono awo kumbuyo. Ine anandipatsa Sitandade 1 yonse pansi pa mtengo, ndipo ndikaima kutsogolo, a kumbuyo sindinkawaona nkhope.

M'chaka chomwecho mayi anga anatisiya. Bambo anali atapuma kale paubusa n'kubwerera ku Phalula, ngakhale kupumako kunali kwa papepala chabe, chifukwa mipingo ing'onoing'ono ya m'midzi inkawaitanabe. Maliro atatha ndinawatenga kuti adzakhale nafe pang'ono, poti nyumba inawakulira. Tsiku lina anandiona ndikubwera kusukulu mawu atatheratu, ndikungonong'ona. Mmawa mwake anavala jekete n'kunditsatira mpaka ku ofesi ya ahedi. Anati, "Ahedi, ine ndine nkhalamba yopanda chochita, koma pakamwa ndili napo. Ndibwerekeniko mtengo umodzi ndi theka la ana a aphunzitsi awa." Ahedi anayankha mosayang'ana n'komwe kuti, "Pano si patchalitchi, abusa." Bambo anaseka. "Iyayi, sindidzalalikira. Ndidzangonena a, e, i, o, u. Mukadzamva ndawonjezapo ameni, mudzandithamangitse." Ahedi anangoti ndi nkhani yathu, iwo sanaone kanthu.

Teremu yonse bambo anaphunzitsa pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa ofesi. Mawu awo anali aakulu, ozolowera matchalitchi opanda zokuzira mawu, moti akati "a!" ngakhale ana a Sitandade 8 m'kalasi mwawo ankayankha mwachipongwe kuti "a!" Ana ankalemba ndi zala pamchenga, iwo akuyenda pakati pawo n'kumawerama pa aliyense. Ahedi sanawathokoze ngakhale tsiku limodzi. Koma sabata yachitatu ndinaona mpando wa mu ofesi yawo uli pansi pa mthethe uja, ndipo palibe amene anafunsa kuti wabwera bwanji. Aphunzitsi ena atatumizidwa, bambo anabwerera ku Phalula. Anati manda a mayi akufuna kulambula ndipo akhristu a kumudzi akhala nthawi yaitali osalandira mgonero.

Chaka cha kalata

Patapita zaka zingapo kunatuluka mwayi wa alangizi a zamaphunziro, aja oyendera sukulu panjinga yamoto. Ndinalemba, ndinaitanidwa kukafunsidwa mafunso, ndipo ndinapambana. Kalata inati ndikayambe teremu yotsatira m'boma lina la kumpoto, ulendo wa tsiku lathunthu ndi theka pabasi. Kunali nyumba ya njerwa zootcha ndi njinga yamotoyo. Ndinapita nayo ku Phalula kuti bambo aione ndi maso awo. Anaiwerenga kawiri, kenako anatuluka nayo panja kukaonetsa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. "Mwana wanga azikayendera ahedi! Amene ankalemba ndi makaka uja!" Sindinawaonepo atasangalala chotero chimwalirire mayi.

Lamlungu lachiwiri kuchokera pamenepo anagwa paguwa ali pakati pa ulaliki. Amene analipo akuti anaima kaye ngati aiwala mawu, nagwira m'mphepete mwa guwa, kenako n'kutsetsereka pansi. Uthenga unandipeza kwa Nsamala ndikuchapa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo mawu anapita. Munthu amene anakhala zaka zonse akudya ndi pakamwa pake anatsala ndi liwu limodzi lokha: iyayi. Ukawafunsa ngati akufuna madzi, ankati iyayi uku akutambasula dzanja. Ukawafunsa ngati andizindikira, ankati iyayi misozi ikutsika. Nzeru zonse zinalimo, ndipo zonse ankamva. Khomo lotulukira ndi limene linatsekeka.

Alongo anga awiri anali ku Joni ndi mabanja awo, ndipo kubwera kwawo kunali kwa masiku owerengeka. Ndinaganiza zowatenga bambo kupita nawo kumpoto, koma adokotala anati ulendo wotero sangauthe msanga, komanso ntchito ya ulangizi ndi yochoka mmawa n'kubwera dzuwa litalowa, nthawi zina kugona konko. Ndikanawasiya ndi yani, kudziko kumene sadziwa munthu, iwo osatha ngakhale kupempha madzi? Bambo wanu anandifunsa tili pakhonde la chipatala kuti, "Amayi a Tamanda, mukudziwa kuti kalata ngati imeneyi sibwera kawiri?" Ndinati ndikudziwa. Anati, "Amayi ampingo akhoza kumasinthana kuwasamala. Anthu amawakonda." Ndinati, "Adzawasamala mwezi woyamba ndi wachiwiri. Nanga dzinja likafika aliyense ali kumunda?" Pomaliza anati, "Chimene mungasankhe, ine ndili pambuyo panu. Koma musadzandiuze tsiku lina kuti ndinakuletsani." Sindinawauzepo zimenezo mpaka pamene anatisiya.

Ku ofesi ya zamaphunziro ndinakapeza bwana wina wachikulire, munthu wofatsa. Anawerenga pempho langa lokana udindo ndi lopempha sukulu ya kufupi ndi Phalula, navula magalasi. "Mayi, mwaganiza bwino? Dzina lanu likatsika pamenepa lipita pansi pa mulu. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani mmene zimayendera." Ndinati ndaganiza. Anasaina, nati, "Bambo anuwo ali ndi mwayi." Ndinatuluka mu ofesimo n'kukakhala pansi pa mtengo kudepoti kwa nthawi yaitali, mabasi a ku Phalula akundidutsa.

Chovuta chinali kuwauza eni ake. Bambo atatuluka m'chipatala, ndinawapeza kunyumba ku Phalula atawakhazika pakhonde, atatsamira pilo. Ndinagwada pafupi n'kuwafotokozera zonse. Nkhope yawo inasintha. Ndi dzanja lamanzere analoza chikwama changa mpaka ndinatulutsa kalata ija. Anailanda, naikankhira pachifuwa panga mwamphamvu, kenako analoza kumsewu. "Iyayi! Iyayi! Iyayi!" Liwu limenelo ankalinena pa chilichonse, koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti akunenadi chimene chili mumtima. Ndinati, "Bambo, ndasaina kale." Anatembenuzira nkhope kukhoma. Kwa sabata yathunthu anakana kulandira chakudya m'manja mwanga. Ukabwera ndi phala iwe Tamanda, ankadya. Ndikabwera nalo ine, ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, chifukwa ndinali nditataya udindo, ndipo zinkaoneka ngati ndataya ndi bambo omwe.

Zaka zinayi za ku Phalula

Anandipatsa sukulu yaing'ono yoyenda pansi kuchokera kunyumba, ndipo tinasamukira m'nyumba ya bambo. Bambo wanu ankabwera Loweruka. Mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, choncho akulu ampingo awiri ankasinthana kubwera mmawa uliwonse, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ntchitoyo inali ya bambo wanu, amene ankawanyamula apongozi awo ngati mwana popanda kudandaula. Zina zonse zinali zanga. Ndikaweruka ndinkawapaka mafuta mwendo wakufawo, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwawerengera Baibulo lawo lakale lodzaza ndi mizere ya pensulo. Ndinayesanso kuwaphunzitsa kulankhula. Ndinkatenga sileti n'kulemba zilembo zisanu zija zimene iwo ankaphunzitsa ana pansi pa mthethe. Ankayang'ana, milomo ikugwedezeka, thukuta likutuluka, koma chotuluka chinali iyayi. Tsiku lina anakankha siletiyo mpaka inagwa n'kusweka. Sindinabweretsenso ina.

Chakudya anayamba kulandira, koma kundiyang'ana m'maso ayi. Zinatero miyezi itatu. Masana ena a nthawi yokolola ndinali pabwalo ndikupeta nandolo, iwo ali pakhonde. Mosaganizira ndinayamba kuimba nyimbo ina yakale ya m'tchalitchi imene mayi ankaikonda. Ndili pakati pa ndime yoyamba ndinamva besi kumbuyo kwanga. Ndinaganiza kuti kwabwera mlendo. Nditatembenuka ndinapeza ndi bambo, maso ali otseka, akuimba mawu onse bwinobwino, limodzi ndi limodzi, osaphonya. Lichero linagwa, nandolo n'kumwazika. Tinaimba ndime zonse mpaka kumapeto. Itatha nyimboyo ndinathamanga n'kuwagwira. "Bambo, mwalankhula! Nenani dzina langa!" Anayesa, koma sizinatheke. Adokotala anadzandiuza pambuyo pake kuti zimachitika, kuimba kumatsala pamene kulankhula kwapita. Koma masana amenewo bambo anandiyang'ana m'maso koyamba. Ndinafunsa kuti, "Mwandikhululukira?" Anati, "Iyayi," uku akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, dzanja lawo lamanzere litagwira langa osafuna kulisiya.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inali ya nyimbo. Akafuna kundithokoza ankayambitsa nyimbo yoyamika. Akakumbukira mayi ankayambitsa ija ya pamaliro, ine n'kudziwa kuti lero tiyankhule za iwo. Sindikunamizani kuti zonse zinali zokoma. Tsiku limene mlangizi wa zamaphunziro anabwera kudzayendera kalasi yanga pa njinga yamoto, ndinapeza kuti ndi munthu amene ndinamulandira ine ali wongotuluka kumene ku koleji. Anakhala kumbuyo n'kumalemba zolakwa zanga, ndipo pochoka anandilangiza mwaulemu za kagwiritsidwe ntchito ka bolodi. Ndinafika kunyumba mtima uli kuwawa, ndipo tsiku limenelo phala ndinawapatsa bambo mosalankhula. Iwo anaona. Sanayambitse nyimbo iliyonse, anangondisisita pamutu ngati kamwana.

M'chaka chachinayi anayamba kufooka. Lamlungu lina la mgonero, abusa achinyamata amene anali pampingopo anapempha kuti tibwere nawo. Tinawakweza pangolo, ndipo akulu ampingo anawanyamula ndi mpando womwe mpaka kutsogolo. Mapemphero atafika kumapeto, abusa aja anati, "Lero mdalitso sindipereka ine. Pano pali amene anabatiza ambiri a inu, ndi makolo anu omwe." Ndinachita mantha, ndinkaopa kuti achita manyazi pamaso pa anthu. Tchalitchi chonse chinaimirira. Bambo anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, natsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Kunali zii. Kenako mayi wina wokalamba kumbuyo anayamba kunena mawu a mdalitso aja, monga mmene bambo ankawanenera, ndi kaimidwe kawo komwe ka pakati. Wina anatsatira, kenako onse, amuna ndi akazi, mpaka mpingo wonse unadzinenera mdalitso, dzanja la bambo lili m'mwamba. Sanalitsitse mpaka ameni. Anamwalira patatha sabata zitatu, masana a mwezi wozizira, ine nditangobwera kusukulu, choko chikadali m'manja.

Lero, ku Phalula

Mwayi wina wa udindo sunabwerenso, monga ananenera bwana uja, ndipo inenso sindinaufunefune. Ndinaphunzitsa pasukulu yomweyo mpaka kupuma. Mukandifunsa ngati ndinachita bwino, ndikuyankhani kuti bambo ankafuna kuti ndipite, ndipo mwina anapita kumanda akuganizabe kuti ndinalakwitsa. Ine ndikudziwa kuti zaka zinayi zimenezo sindingazisinthanitse ndi njinga yamoto. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo ndasiya kuziyanjanitsa.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi china. Nthawi imeneyo tinalibe mafoni ojambula mawu, ndipo palibe amene anaganiza zowajambula pakaseti akulalikira. Besi yawo yoimbira ndimaimva bwinobwino, ngakhale pano ndikulemba. Iyayi wawo ndimamumvanso. Koma mawu awo olankhula, a masiku onse, ofunsa ngati mvula yagwa kwanuko kapena ngati ana adya, anandithawa. Ndimakumbukira zimene ananena, monga mwaonera m'masamba awa, koma ndikamazikumbukira zimamveka m'mawu anga. Ndafunsa akulu ampingo amene atsala, ndipo aliyense amangoti anali ndi mawu aakulu.

Tamanda, iwe unali wamkulu kale asanadwale, ndipo uli mwana unkakonda kuwayeserera mpaka iwo eni n'kumagwa ndi phwete. Ukabwera pa Khirisimasi, usandibweretsere nsalu. Udzakhale pakhonde paja, ine ndidzalowe m'nyumba n'kutseka maso, ndipo udzandiitane kamodzi kokha monga ankandiitanira akamatsika panjinga.